Buku Limene Amalume Anasungitsa Ngati Mbuzi

Phula la njuchi likamasungunuka pa makala limatulutsa kafungo kotsekemera koma kolemera, kosiyana ndi ka uchi. Mpaka lero, mutu utayera chonchi, ndikangomva fungo limenelo zala zanga zimayamba kuyabwa kufuna buku. Zidzukulu zanga zimandiseka, zimati agogo awa mphuno ndi maso zinasinthana ntchito. Sindizitsutsa. Fungolo ndinalidziwira m'mapiri a kuseri kwa Chipera, dzinja lina nkhondo ili mkati, ndili kamtsikana ka mawondo otuwa kongophunzira kumene kulumikiza mawu.

Tinali titathawa pamudzi. Matropa, asilikali a Apwitikizi aja, anali atayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yozingidwa ndi waya, ndipo akuluakulu a kwathu anakana kukatsekeredwa. Choncho tinalowa m'tchire n'kumanga misasa yotalikirana, banja lino pansi pa thanthwe, linalo kutsidya kwa mtsinje, kuti ndege ikaona amodzi isaone onse. Malamulo a kumeneko ndinkawadziwa kuposa katekisimu. Masana moto wofuka sunkaloledwa. Atambala onse tinawadya masiku oyambirira chifukwa sankamva za kukhala chete. Nsalu yoyera ankainyika m'matope mpaka ifanane ndi nthaka, ndipo chikopokopo chikamveka mumlengalenga aliyense ankagwa chafufumimba pansi pa mtengo umene wayandikana nawo. Ife ana tinazolowera msanga.

Chimene sindinazolowere ndi kusowa kwa atate. Mvula isanayambe anapita ndi amuna ena kukanyamula katundu wa akamarada, anyamata omenya nkhondo a m'tchire, kulowera ku Zambezi. Anzawo anabwerako mmodzimmodzi, mapazi atatupa. Atate ayi. Wina ankati anawaona akuwoloka, wina ankati anabalalikana mfuti zitalira. Amayi anasiya kufunsa, koma ine ndinkafunsa tsiku ndi tsiku mpaka kutopetsa anthu.

Amene ankatiyang'anira anali amalume Benedito, mlongo wawo wa amayi. Anali atagwirako ntchito ya m'dimba pa mishoni ina kutsidya kwa malire, ku Zambia. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga ndi mawailesi, koma iwo anatulukira atasenza bokosi lachitsulo lodzaza mabuku a Chinyanja. Anthu ankati mwamuna uyu anakwatira mapepala, ndipo n'zoona kuti mkazi analibe. Ankasamba m'manja asanagwire buku, ngakhale madzi akhale a m'chigoba chimodzi. Ukanyambita chala potsegula tsamba, ankakulanda bukulo tsiku lonse. Polekezera ankaikapo nthenga ya nkhanga, ndipo wopinda ngodya ya tsamba sankamubwerekanso.

Kusikola ya kumudzi pulofesoli, mphunzitsi wathu, ankatiimbitsa Chipwitikizi chimene sindinkamva, moti ndinkayesa kuti pepala limayankhula chizungu basi. Tsiku limene amalume anandilozera mzere ndi kamtengo, ine n'kumatchula pang'onopang'ono mpaka kutuluka mawu akuti mbuzi yalowa m'munda, ndinadzuka n'kuyang'ana kumunda. Anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke, ndinachita mantha okoma, chifukwa pepala linali litandiyankhula m'chinenero cha amayi anga. Kuyambira pamenepo sindinachokenso pambali pa bokosi lija.

Mabuku sankangopereka chiperekere. Ankayamba amuyang'ana munthu, ngati sing'anga asanasankhe muzu. Wobwera atakangana ndi mkazi wake ankamuwerengera kabuku ka nkhani zoseketsa mpaka aiwale chimene wadzera. Wofedwa ankamutsegulira la nyimbo za kutchalitchi. La zaulimi ankati ndi labwino ndithu, koma wolembayo sanalimepo pa miyala ngati yathuyi. Kwa ine ankawandandalika pamphasa n'kumaloza. "Ili uwerenge utakhuta, Natembo, muli phwando lalitali. Ili ndi la tsiku la mvula. Ili usaliyandikire kaye. Si loipa ayi, koma ungaliwononge poliwerenga usanafike msinkhu wake."

Pothawa, bokosilo analikwirira pansi pa khola. Buku la Chinyanja linali katundu woopsa, chifukwa matropa akakupeza nalo ankadziwa kuti umawoloka malire. Anangotengako limodzi, lonenepa kuposa onse, lopanda chikuto, moti dzina lake ndi la wolemba wake sindinazidziwe. Tinkangoti buku la Kachiza. Kachiza anali wogulitsa mchere amene bwato lake linatengedwa ndi madzi osefukira n'kukamutaya kutali kwa anthu a chinenero china, ndipo buku lonselo linali ulendo wake wapansi wobwerera kwawo. Kumudzi anali atasiya mkazi ndi mwana wamkazi.

Kwathu munthu wa mbuzi zambiri saziika khola limodzi. Zina amasungitsa kwa mlamu, zina kwa bwenzi lake kumudzi wina, kuti matenda kapena fisi akalowa pena, pena patsale mbewu. Wosungayo amaziweta ngati zake, koma akadyapo imodzi mwini wake asanalole, umenewo ndi mlandu. Msasa wa banja lina utatenthedwa kumunsi kwa phiri, amalume anaona kuti buku nalonso likufunika kutero. Anakhala pansi ndi lumo, nkhope itakwinyika, n'kudula ulusi wa kumsana kwa bukulo, ndipo linagawika m'zigawo zopyapyala. Anadula nsungwi mphindimphindi. Chigawo chilichonse anachikulunga n'kuchilowetsa m'kansungwi kakekake, kukamwa n'kutseka ndi chisononkho cha chimanga, pamwamba n'kumatapo phula kuti mvula ndi chiswe zisalowe. Kenako anayenda msasa ndi msasa kukasungitsa, akunena mawu omwewo amene munthu amanena posiya mbuzi. Chigawo chomaliza chokha ndicho anasunga okha, atachisomeka padenga la msasa wathu.

Wopindula ndinali ine. Chimanga chitayamba kubereka m'timinda tathu tobisika, anandiika pa chilindo, kansanja kofolera ndi udzu, kuti ndizipirikitsa anyani. Amalume anandilola kutenga kansungwi kamodzi pa nthawi. Ndikamaliza ankamatanso phula, ine n'kukabweza kwa wosunga n'kupita kukatenga kotsatira. Ndinkathamanga m'mame, nsalu itanyowa mpaka m'chiuno, kansungwi nditakabisa m'kamtolo ka nkhuni. Ndinkakwera pa chilindo mofulumira. Ndinkakanda phula ndi chikhadabo, kusolola masamba achikasu aja, kuwawongola pabondo, basi nkhondo ndi njala zonse zinkachoka. Mvula inkasosa paudzu, pansi pankatuluka fungo la dothi lonyowa ndi maluwa a maungu, kutali njiwa zikulira, ine ndili ndi Kachiza pa kachilumba ka mchenga ng'ona zikumuzungulira. Nthawi zina ndinkamukalipira mokweza kuti asalowe njira imeneyo, koma munthuyo anali wosamva.

Anyani anazindikira msanga kuti mlonda wa chaka chimenecho ndi wophunzira. Ankabwera mwaulemu, mkulu wawo n'kukhala pachulu kumandiyang'ana, ena onse akukolola. Tsiku lina ndinadzidzimuka nditamva kutafuna pansi penipeni pa nsanja. Amayi ataona mapesi othyokathyoka sanakalipire ine, analunjika kwa amalume. "Alongo, mwanayu mwamulodza. Kodi chaka chino tidya mapepala anuwo?" Amalume anapeza chitini, kuthiramo timiyala, kuchipachika pakati pa munda, chingwe chake n'kuchimanga ku chala changa chakuphazi kuti ndizigwedeza uku maso ali pabuku. Anyaniwo anaopa masiku ochepa chabe, kenako anazolowera nyimboyo.

Sikuti zigawozo ndinkazipeza motsatana nthawi zonse. Mwina wosunga ankakhala atasamutsa msasa, ndiye ndinkadumpha n'kudzabwerera pambuyo. Kachiza ndinamupeza akuthawa ukwati ndisanadziwe amene anamukwatitsa. Ndipo osungawo, ambiri osadziwa kuwerenga, sankandilola kuchoka ndisanawawerengere chigawo chawo. Aliyense ankatama chake. Amayi a Rozita, amene ankasunga pamene Kachiza analembedwa ntchito yophika kwa mwini loja, sitolo ya Mpwitikizi, n'kuthira mchere mu tiyi, ankalumbira kuti nyama ya buku lonse ili pamenepo, kwinako ndi mafupa. A Fulansisiku a kutsidya ankati zimenezo n'zachibwana, munthu wofuna nkhani yeniyeni amve pa ng'ona. Anthu amene anali ataiwala kuseka ankaseka atagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Ine ndinkayenda modzimva kwambiri masiku amenewo, popeza kupatula amalume, ndine ndekha ndinkadziwa mmene zidutswazo zikulumikizirana.

Koma panali china chimene sindinauze munthu. Mwana wa Kachiza m'bukumo ankakhala pamwala madzulo aliwonse maso ali kunjira, ndipo mwana ameneyo ndinkamudziwa bwino. Pang'ono ndi pang'ono ndinapangana ndi mtima wanga kuti Kachiza akafika kwawo, atate nawonso afika. Sindinkakayika n'komwe. Pepala linali lisanandinamizepo, ndiye likanayambira pati? Choncho ndinkawerenga mothamanga, ngati kuti tsamba lililonse limene ndamaliza likufupikitsa njira ya atate. Pogona ndinkayang'ana kansungwi ka padenga kaja, malovu ali m'kamwa. Tsiku lina tikusadzula bowa ndinalephera kupirira, ndinawaululira amalume pangano langalo mokondwa. Anasiya bowayo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anangoti ndasiya mchenga wambiri kumapesi.

M'mawa mwake kansungwi ka padenga panalibe. Amalume anati dengalo likudontha, ndiye akasungitsa kwa a Zuze Sakala. Ndinadabwa pang'ono, koma sindinaganizepo zambiri. A Zuze anali bwenzi la atate kuyambira ali anyamata oweta mbuzi, ndipo sanapite nawo konyamula katundu chifukwa cha mwendo wawo wotsimphina. Anali munthu wanthabwala, wa ndevu zachikasu ndi utsi. Chingambwe, fodya wakuda wowawa uja, ankachikonda kuposa chakudya, moti anthu ankati anasuta ndi pepala la ubatizo wawo lomwe. Nyengo imeneyo inali yoipa kwa osuta, chifukwa makoko ouma a chimanga opichirira fodya anali atatha, atsopano akali aawisi.

Chigawo choyandikira kumapeto ndinachimaliza dzuwa lili paliwombo. Kachiza anali atafika pachitunda pamene ankaona phiri la kwawo, thupi likutentha ndi malungo, patsogolo pake pali mtsinje wodzaza. Analowetsa phazi limodzi m'madzi, ndipo tsamba linathera pomwepo, pakati pa chiganizo. Ndinatsika pa chilindo osamasula bwino chingwe, chitini n'kulira kumbuyo kwanga. Munda ndinawasiyira anyani. Ndinawoloka mtsinje wathu madzi akufika m'ntchafu, ndinakwera miyala yoterera, minga ikundikanda osaimva. Chikopokopo chinadutsa ndili pakati pa udzu, ndipo ndinagona pansi ndikuchitukwana mumtima kuti chikundichedwetsa. Sindikumbuka kuti ndinakondwapo chotero pa moyo wanga. Ndinkapita kukatenga atate.

A Zuze ndinawapeza atatsamira mtengo, mwendo wodwala atauwongola. Ndinagwada, kuwapatsa moni mwachidule kuposa mmene mwambo umafunira, n'kupempha kansungwi ka amalume. Anandipatsa osandiyang'ana. Kanali kopepuka, phula litakandidwa kale. Ndinasuzumira, ndinagwedeza, ndinalowetsa chala, munalibe kanthu. Nditatukula maso ndinaona ndudu imene inali pakamwa pawo. Inali yachikasu, ndipo inali ndi zilembo. Ndinaona moto ukudya mzere pang'onopang'ono kulowera kumilomo. Ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku limene anzawo a atate anabwerako okha, ndipo ndinanena kwa munthu wamkulu mawu amene mwana sanena.

Mlandu unazengedwa mawa lake pansi pa mkuyu, masana, wina atakwera pathanthwe kumvetsera ndege. Osunga onse anabwera, ali ndi mkwiyo wawowawo, popeza nawonso ankadikira kumva mathero. Amalume anakhala pamuzu ngati mwini mbuzi, mutu uli pansi. A Zuze sanavute. "Nikana lini, a Benedito," anatero m'Chinsenga chawo chosakaniza ndi Chipwitikizi, buku akulitcha livulu. "Livulu yanu nasuta. Makoko yanasila, chifuwa chenze kunivuta." Amayi a Rozita anati nkhaniyi ndi yosavuta, wodya mbuzi amalipira mbuzi, ndiye wodya mathero alipire mathero. A Zuze anadzigunda pachifuwa n'kunena kuti mawu onse ali mmenemo, chifukwa kamarada wina wodutsa anawawerengera masambawo asanawapichire. Anthu anayang'ana amalume. "Lipirani, a Sakala," anatero motsitsa.

A Zuze anatsokomola nthawi yaitali, kenako anayamba. Anati Kachiza anabweza phazi lija n'kudikira madzi aphwe, akudya nkhuyu, mpaka malungo anamusiya. Anawoloka atagwira mchira wa ng'ombe ya eni, ng'ombeyo ikumuponyera matope kumaso, ndipo apa anthu anaseka. Anafika pamudzi nthawi ya chimanga chachiwisi, ataonda, ndevu zili nyankhalala. Sanaodire. Anaima pa khola la mbuzi, kugwedeza chitseko, n'kuyamba kung'ung'udza kuti ndani wamanga ndi luzi lofooka chonchi, fisi angalowe muno osapempha. Mkazi wake amene ankasinja kuseri kwa nyumba atamva kung'ung'udzako anagwetsa munsi. Ndiye Kachiza anadzikanda kuseri kwa khutu, kuyang'ana mwana wake uja pamwala, n'kunena kuti, "Amayi anga aang'ono, madzi akumwa kulibe pakhomo pano?"

Ndinalumpha. Atate ndimo mmene ankandiitanira, mawu ake omwewo. Chitseko cha khola nachonso sankachidutsa osachigwedeza, ndipo kudzikanda kuseri kwa khutu ndiko kunali kwawo akafuna kubisa chimwemwe. "Ngati atate!" ndinafuula, kuiwala lamulo la phokoso. Palibe anandiletsa. Amayi anadzuka n'kupita kuseri kwa mkuyu, ndipo ndinayesa kuti akukathyola ndiwo. Ndinathamangira kwa amalume n'kuwagwira bondo, kuwafunsa ngati m'bukumo zinathadi choncho. Sanandiyang'ane kumaso. "A Sakala alipira, Natembo. Mlandu watha."

Masiku otsala a nyengo imeneyo ndinali munthu wokondwa kuposa aliyense m'phirimo. Ndinayendanso misasa yonse kufotokoza mathero kwa anthu amene anali atawamva kale, ndikutsanzira ndi kutsokomola kwa a Zuze komwe. Pa chilindo ndinasintha kokhalira kuti ndiziyang'ana njira yochokera kumunsi. Ndinkasunga chigoba cha madzi pambali panga. Kachitseko ka msasa wathu ndinkakamanga dala ndi luzi lofooka kuti atate akafika apeze chong'ung'udzira, ndipo amayi ankamanganso bwino ine nditachoka. Tinakolola zimene anyani anatisiyira. Chimanga chitauma tinawoloka malire kupita ku Zambia, tinsungwi tija titabalalika ndi mabanja amene ankatisunga. Atate sanabwere chaka chimenecho, ndipo nkhondo itatha sanabwerenso.

Kwa zaka zambiri ndinkawaseka amalume chifukwa cha kupusa kuja. Munthu wodziwa mabuku ngati inu, ndinkatero, n'kusungitsa mathero kwa munthu amene anasuta ubatizo wake? Iwo ankangovomera kuti analakwitsa. Anamwalira ndisanaleke kuwaseka. Ine ndinakula n'kukhala wa mabuku ngati iwo. Kwanga kuno ana a pafupi amabwera kudzabwereka, ndipo ndimayamba ndamuyang'ana mwana ndisanamusankhire. Buku la Kachiza ndinalifunafuna kwa ogulitsa mabuku akale ku Tete ndi ku Chipata, koma buku lopanda dzina ulifunsa bwanji?

Ndinazindikira mochedwa, ndili kale ndi ana anga. Tsiku lina ndikuwerengera mwana wanga wodwala, maso anga anatsogola n'kuona kuti tsamba lotsatira muli maliro, ndipo chala changa chinatsegula masamba awiri pamodzi ndisanaganize n'komwe. Pomwepo ndinakumbukira za mathero a Kachiza aja. Kumsasa kwa a Zuze sikunkadutsa akamarada, kunali kokwera kopanda njira. Denga lathu silinkadontha. Munthu amene anagwedeza chitseko cha khola pansi pa mkuyu paja sanachokere m'buku, a Zuze anamutenga m'chikumbumtima chawo, anali atate, bwenzi lawo la paubwana. Amalume anali atawerenga bukulo kambirimbiri, ndipo ankadziwa chimene chinachitika Kachiza atalowetsa phazi lachiwiri m'madzi, kuti kwawo sanafikeko. Ndili mwana ndinkayesa kuti tsiku limenelo ndinaberedwa mathero. Munthu amene sankalola ngakhale malovu pa tsamba ananyamula yekha masamba amene ankawakonda, kukwera nawo phiri pa nthawi yosowa makoko, n'kukawasiya mwadala m'manja mwa wosuta.